Ngalande Inadutsa pa Nyumba ya Ba Mbewe

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala, chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo. Chimene simunamve bwino ndi chifukwa chake ku Kanyama kuli anthu amene mpaka lero akamva dzina langa amakwinya nkhope. Mdzukulu wanga Tamara, amene akuphunzira zandale kusukulu yaukachenjede, anandifunsa kuti mwa njira zonse zimene mitundu ya anthu imadzilamulira, yabwino ndi iti. Ndinamuuza kuti ndatopa, abwere mawa. Wabwera kangapo, ine osamuyankha. Pakamwa pandikanika, ndiye ndalemba.

Matero, m'zaka za chipani chimodzi

Ntchito yanga yoyamba inali mu ofesi ya chitukuko ku Matero, komboni yomwe ndinabadwira. Ndinkaitanitsa misonkhano ya zitsime, zimbudzi ndi misika, n'kukanena ku ofesi zimene anthu agwirizana. Dzina langa loti Esitere Mwale linathera pomwepo. Aliyense ankangoti Ba Welofeya, potengera ntchito yanga yosamalira anthu, ndipo dzinali linandikakamira mpaka kupuma ntchito. Nthawi imeneyo chilichonse chinali chosowa. Ukaona mzere pashopu unkayamba waima kaye, kenako n'kufunsa kuti kukugulitsidwa chiyani, kaya sopo, kaya mafuta ophikira. Mu ofesi tinali ndi njinga imodzi yopanda tayala lakutsogolo, ndipo inakhala choncho mpaka ine kuchokako. Tinkayenda wapansi, nsapato n'kumatha ngati sopo yemweyo.

Bwana wanga anali Ba Chisenga, Mbemba wakumpoto, munthu wamtali wosafulumira kulankhula. Misonkhano tinkaitanitsa ndife, koma woyendetsa anali tcheyamani wa chipani wa m'dera. Ankaimirira, n'kunena kumene pompi ikhale, kenako n'kuti, "Chipani chakamba. Bamene bavomela, manja mumwamba." Manja onse ankakwera, ngakhale a gogo wogontha amene sanamve kanthu. Tsiku lina tikubwerera ku ofesi, pompi itagwera pafupi ndi khomo la tcheyamani monga mwa masiku onse, Ba Chisenga anati, "Mwaona, mayo? Uja afuna kunkhala mfumu, koma safuna kunyamula katundu. Kwathu mfumu imankhala zii, banthu bakamba, bakamba, yeve amvela chabe. Akamba pothela. Koma akakamba, mulandu ni wake. Vikaonongeka, banthu baziba khomo yopitako kukatukana. Manje uyu azakamba ati ni chipani. Chipani muzachipeza kuti kuti muchitukane?"

Nditawafotokozera atate anga kunyumba, anaseka. Iwo anachoka ku Dedza, ku Malawi, ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji m'dziko lino, ndipo Chichewa chao sichinasinthe mpaka kumanda. "Abemba amakonda mfumu yaikulu," anatero. "Kwathu nkhani ndi ya pabwalo. Munda wa munthu ukati utengedwe kuti padutse njira, aliyense wofuna zimenezo amaimirira n'kunena mwini wake akumuona. Ndiye m'mawa mwake, omwe analankhula aja ndi amene amabwera ndi makasu kudzamuswera mphanje ina. Wagwetsa mnzako, umudzutse ndiwe." Ine ndinali mtsikana wamakani. Ndinawafunsa ngati mkamwini wosauka kapena mayi wamasiye angaimirire pabwalopo n'kutsutsa munthu amene amamudyetsa. Atate anati ndaphunzira kwambiri, n'kutembenukira ku wailesi yao. Funsolo sanaliyankhe, ndipo ine ndinalisunga.

George, chipani chimodzi chitatha

Ananditumiza ku komboni ya George nditakwatiwa kale ndi atate anu. Zipani zinachuluka, ndipo aliyense anasanduka tcheyamani wa chinachake. Misonkhano inatalika, phokoso linakula, koma manja ankakwerabe poyang'ana kaye nkhope za anthu. Pamsonkhano wina wa madzi, mayi wina wochita lendi, Bana Mutale, anakweza dzanja kutsutsa mwini nyumba yomwe ankakhalamo. Sabata isanathe ndinamupeza atakhala pamatiresi panja, mapoto ali mbwee, ana akulira. Anandiyang'ana n'kuti, "Imwe munakamba ati tikambe momasuka." Usiku ndi usana nkhope ya mayi ameneyo inkandibwerera.

Chaka chomwecho bungwe lina lakunja linatitumizira mphunzitsi, Ba Helena, mzungu wochokera kudziko lozizira, amene dzuwa la ku George linkamufiiritsa ngati phwetekere. Iye ndiye anatiphunzitsa kuti pa nkhani zovuta anthu aziponya timapepala m'bokosi, aliyense payekha, popanda womuona. Anandiuza kuti kwao ngakhale mwamuna wake sadziwa amene iye wamuvotera, ndipo wolemera ndi wosauka m'bokosimo amalemera mofanana. Ine ndinalikonda bokosilo ngati mwana wanga, chifukwa ndinaona kuti funso limene atate analephera lija layankhidwa. Komabe ndinamufunsa kuti nanga amene wagonja, n'kutaya chinthu chake, amamudzutsa ndani. Anayankha mosavutika kuti pamenepo pali malamulo, boma limamubwezera. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Sindinaganize kuti kwao boma limafika pa nthawi yake, pomwe kwathu limafika ngati mvula ya mu Okutobala, mwina lero, mwina mwezi wamawa.

Ba Chisenga anali pafupi kupuma ntchito. Nditapita kukawaona ndi kuwatamandira bokosi langa, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, monga mwa chizolowezi chao, n'kungoti, "Ni yabwino, mayo. Koma ilibe nkhope." Ndinaganiza kuti ndi mawu a munthu wokalamba amene sakufuna zatsopano.

Kanyama, chaka cha mvula yambiri

Kenako anandisamutsira ku komboni ya Kanyama, ndipo tinkakhala komweko. Kanyama inamangidwa pamwala, pamalo athyathyathya. Mvula ikagwa madzi alibe kolowera, amangoima m'nyumba n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi. Inu munali aang'ono, koma mukukumbukira tikuika bedi pa njerwa. Chaka chimenecho kolera inalowa m'dera lathu, ndipo tinaika ana m'manda. Mvula itatha, ofesi inapeza simenti yokwanira ngalande imodzi yaikulu. Wopima malo anati ingadutse njira ziwiri zokha. Ina inali yodutsa pakati pa msika, n'kuchotsa matebulo a amayi ambiri amene ankadyetsa ana ndi tomato ndi kapenta. Ina inali yodutsa kuseri kwa tchalitchi, ndipo imeneyo inkagunda nyumba imodzi yokha, ya Ba Mbewe.

Ba Mbewe anali kalipentala, bambo waimvi, mwana wa munthu wa ku Ntcheu amene anabwera kudzaswa miyala. Zitseko zambiri za m'deralo anakhoma ndiwo, mabenchi a m'tchalitchi chathu anakhoma ndiwo. Akazi awo anamwalirira m'nyumba imeneyo. Anali munthu woti palibe amene akanamuyang'ana m'maso n'kunena kuti nyumba yanu igwe.

Msonkhano usanachitike anabwera ku ofesi, chipewa chili m'manja. "Ba Welofeya, namvela ati muzabweletsa bokosi. Ine sinikana ngalande, na bazukulu banga banadwala. Koma lekani banthu bakambe pamenso panga. Wamene afuna nyumba yanga igwe aime, akambe, nimuone. Sinizamumenya. Nifuna chabe nimuone." Ndinamva mawu a atate anga m'kamwa mwao, ndipo mtima unandiwawa. Koma ndinkadziwanso chimene chikanachitika. Amayi a pamsika ambiri ankachita lendi m'nyumba za akulu a mpingo, anzao a Ba Mbewe. Pamaso pao akanakhala chete, manja akanakwera kupulumutsa nyumba, msika n'kupita, ndipo aliyense wotsegula pakamwa akanapeza matiresi ake panja ngati Bana Mutale. Ndinawauza kuti, "Pepani atate, tizaponya mu bokosi." Anavala chipewa chao n'kutuluka.

Tinaponya m'tchalitchi momwemo, anthu atakhala pa mabenchi a Ba Mbewe. Bokosi linasankha kuti msika ukhale, nyumba igwe, ndipo sizinali zopikisana n'komwe. Ofesi inawapatsa malo ku Chainda, patchire pomwe panali udzu wokhawokha. Inalonjezanso lole yonyamula katundu, koma lole ija inali pa miyala, yopanda matayala, ngati njinga ya ku Matero. Okumba ngalande anati ayamba mwezi ukatha, apo ayi mvula idzawapeza.

Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene Ba Helena sanandiphunzitse. Anthu anayamba kupita kwa Ba Mbewe mmodzimmodzi, aliyense n'kunong'ona kuti, "Ine ninavotela imwe, atate." Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi hamala kudzawathandiza kuzula malata. Sikuti anali anthu oipa. M'dera lathu ambiri anali ana a anthu a ku Malawi ndi kum'mawa, ndipo onse anakulira mwambo womwe atate anandiuza uja, woti wodzutsa munthu ndi amene wamugwetsa. Kufika ndi hamala kunali ngati kuulula kuti ndine. Anzathu a kumpoto ndi a ku migodi nawo ankadikira kuti mtsogoleri alankhule, asenze nkhaniyo, iwo atsatire. Koma tcheyamani wa komiti ya chitukuko ya m'deralo ankangotambasula manja n'kuti, "Sindine, ni bokosi yakamba." Masiku ankapita, nyumba ili chiimire, anthu n'kumazungulira njira ina kuti asadutse pakhomopo.

Tsiku lina masana ndinawapeza ali padenga okha, akuzula misomali. Anatsika pang'onopang'ono n'kukhala pa chitsa. "Ba Welofeya, imwe ndimwe bophunzila, nithandizeni. Komboni yonse yabwela kuniuza ati inavotela ine. Manje nyumba yanga igwa bwanji?" Ndinayang'ana pansi. Anapitiriza, mawu ali otsika. "Ine nine mkhristu. Pa Sondo pali mgonelo, nifunika kudya na mtima woyela. Nifuna kukhululuka, koma nikhululukile ndani? Bokosi? Aliyense wamene nimupasa moni niganiza ati kapena ni uyu. Mwanichosela nyumba, mwanichosela na banthu." Mawu omalizawo anandilasa kuposa chitukwano chilichonse chimene ndinalandirapo pa ntchito.

Ndinakwera minibasi kupita ku Kaunda Square, kumene Ba Chisenga ankakhala atapuma ntchito. Ndinawapeza pakhonde, miyendo itatupa, ataiika pa kampando. Nditawafotokozera anati, "Ninakuuzani."

"Munaniuza, koma simunaniuze vochita."

"Bokosi yachita nchito yake, yabisa baja bazimai. Osainyoza. Manje pafunika munthu wa nkhope. Si imwe Bachewa mukamba ati mfumu ni dzala? Vinyalala vonse vitaika pamene apo."

"Ine sindine mfumu, Ba Chisenga. Nine wanchito chabe."

"Wamene ananyamula bokosi kubweletsa mu chalichi ni ndani?"

Ndinabwerera ndili wokwiya nawo, chifukwa kulangiza n'kosavuta munthu ukakhala pakhonde. Atate anu nditawauza chimene ndinkaganiza kuchita anandichenjeza kuti tikukhala m'komboni yomweyo, timagula pamsika womwewo, ana amaphunzira ndi ana ao. Zonsezo ndinkazidziwa. Ndinkadziwanso kuti ndikakhala chete, okumba adzafika n'kugwetsa nyumba ija mwini wake ali padenga yekha, ndipo bambo amene anakhomera anthu zitseko adzachoka ku Kanyama ngati wakuba.

Lamlungu mapemphero atatha, anthu akutuluka, ndinaima pa sitepe ya tchalitchi n'kupempha kuti andimvere. Ndinati, "Nifuna muzibe chinthu chimozi. Bokosi inali yofunsa chabe maganizo. Wamene anasankha njila ya ngalande ndine. Wamene anakamba ati nyumba ya Ba Mbewe igwe ndine, Esitere Mwale. Wamene ali na mau abwele kwa ine." Linali bodza, ana anga, ndipo sindichita nalo manyazi. Ba Mbewe anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumbali. Ine ndinapita molunjika kunyumba kwao ndi zovala za kutchalitchi, ndinapinda chitenje n'kupanga nkhata, n'kusenza lata loyamba limene anazula okha lija.

Ndisanafike nalo kumsewu ndinamva mapazi kumbuyo. Anabwera anyamata a kwaya ndi mahamala, anabwera akulu a mpingo ndi mawilibala. Bambo wina wogulitsa makala anabweretsa lole yake osauzidwa ndi munthu. Amayi a pamsika anabwera onse, n'kusenza njerwa pamutu, ndipo posenzapo ankalankhula mokweza kuti ndimve. "Ba Welofeya balibe chifundo." "Mtima wa mwala, kugwesa nyumba ya mudala so." Anali amayi omwewo amene ndinawabweretsera bokosi, amene matebulo ao anapulumuka. Tsopano akanatha kuthandiza popanda kuulula kanthu, chifukwa wogwetsa anali atapezeka. Ndinasenza nawo mpaka dzuwa kupendeka, khosi likuwawa, ndikumva dzina langa likudyedwa kumanja ndi kumanzere. Masabata otsatira anthu omwewo ankapita ku Chainda kukamanga, ndipo mvula inapeza Ba Mbewe ali m'nyumba yofolera.

Ngalande inakumbidwa, madzi anapeza njira, ndipo chaka chotsatira m'dera lathu sitinaike mwana chifukwa cha kolera. Mabwana ku ofesi anandiyamikira kuti voti inayenda mwaufulu. Koma pamsika ndikafika, nkhani zinkaduka. Tomato wondigulitsa ankasankha wofewa. Iwe Chisomo mwana wanga, ukukumbukira tsiku unabwera kuchokera kusukulu ukulira chifukwa anzako anati amako amagwetsa nyumba za anthu. Sindinakuuze zoona tsiku limenelo, chifukwa mwana sasunga chinsinsi, ndipo chinsinsicho chinali chosenza komboni yonse. Ndinapirira zaka zingapo, kenako ndinapempha kusamutsidwa, n'kubwera kuno ku Mtendere. Ba Mbewe ndinkakumana nawo pa maliro ndi pa misonkhano ya mpingo. Sanandipatsepo moni, ndipo ndikawapatsa ine ankayang'ana kwina. Zimenezi zinkandiwawa kuposa za amayi a pamsika, chifukwa ndinkawalemekeza ngati atate anga.

Mtendere, nditapuma ntchito

Tamara, iwe ukufuna ndikusankhire njira imodzi. Ndatumikira pansi pa zonse. Ya tcheyamani inali yachangu, koma pompi inkagwera pakhomo pake. Ya atate anga imadzutsa wogwa, koma Bana Mutale sangatsegulemo pakamwa. Ya Ba Helena imabisa wofooka, koma inasiya nkhalamba padenga yokha. Ya Ba Chisenga ndinaiyesa ndekha tsiku limodzi, ndipo mtengo wake ndikulipirabe. Ndinaona kuti anthu athu savula mwambo wao akamalowa m'chipinda chovotera, amalowa nawo n'kutuluka nawo. M'mabuku ako mwina muli njira yopanda womulirira. Ine sindinaipeze, ndipo ndatopa kuifuna.

Chaka chatha ndinapita kukiliniki kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mzere unali wautali, ndipo malo okhala anali amodzi okha, pafupi ndi nkhalamba ina yogwira ndodo. Nditakhala ndinaona kuti ndi Ba Mbewe. Anali atafota kwambiri. Aliyense ankayang'ana khoma. Kenako anagwedeza benchi ndi dzanja, n'kunena ngati akulankhula yekha, "Wamene anakhoma iyi benchi sanaphunzile nchito."

Ndinati, "Muli bwanji, atate?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Nilipo, mwana wanga. Bana bali bwanji?"

Misozi inalengeza m'maso mwanga, ine munthu wamkulu. Ndinati, "Atate, ija nkhani ya ngalande..."

"Ninaziba siku yamene ija," anandidula. "Muganiza siniziba banthu banga? Ninaziba ati munama pa sitepe paja. Mgonelo wosatila ninadya na mtima woyela."

"Nanga zaka zonse izi, moni chabe?"

Anapukusa mutu ngati ndafunsa za chibwana. "Nikanakupasani moni pamenso pa banthu, bonse baja bananimangila nyumba sembe baziba ati niziba. Mulandu sembe wabwelela kuli beve. Imwe munanyamula mbali yanu, na ine ninanyamula yanga. Muganiza inali yopepuka?"

Namwino anaitana dzina lao. Anadzuka movutika, ine n'kuwagwira mkono mpaka anaima bwino, ndipo anandifinya dzanja asanalowe. Ndinakhala pamenepo ndikudikira kuti akatuluka ndiwafunse zambiri, za Chainda, za adzukulu ao. Ali m'katimo panafika mayi wina wonenepa n'kukhala moyang'anana nane. Ndinamuzindikira, anali mmodzi wa amayi a pamsika wa ku Kanyama, tsopano waimvi ngati ine. Anandiona n'kukwinya nkhope.

Ba Mbewe anatuluka ndi kapepala ka mankhwala m'manja. Anamuona mayi uja, mayi uja n'kuwagwadira. Anamupatsa moni ndi manja awiri, namufunsa za ana ndi za msika. Kenako anakonza chipewa chao, n'kundidutsa pafupi, ndodo ikugunda pansi, osandiyang'ana.